Ku khothi mlandu umaola ndithu, ndipo mwini wake sauzidwa

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga mu nyuzipepala yathuyi ndilankhuleko za nkhani ina imene ikupweteka anthu ambiri mwakachetechete koma sindinaonepo wina akuifotokoza mu Chichewa kuti nawo agogo akumudzi amve. Nkhani yake ndi yotaya milandu ku High Court pa chifukwa choti wodandaula sanachite zomwe jaji analamula, kapena anangousiya mlandu uli chigonere osauyendetsa. Sindikunena milandu yakuba kapena yakupha ayi, imeneyo ndi ya apolisi ndi boma. Ine ndikunena milandu iyi yoti munthu wasumira mnzake, wina wagundidwa ndi minibasi akufuna chipukuta misozi, wina amulanda malo, wina anabwereketsa ndalama sakumubwezera, wina makina a pa kampani amudula zala, milandu imeneyo.

Ine si loya, ndineneretu. Ndinagwirako ntchito ya ukalaliki mu ofesi ina ya maloya mu Blantyre muno, kunyamula mafayilo kupita nawo ku High Court ku Chichiri, kudinditsa mapepala, kuperekera zisamani, nde mpaka lero anthu akutchalitchi ndi a m'dera lathu akalandira pepala la khothi amathamangira kwa ine kuti ndiwawerengere, sinanga zonse zimakhala mchizungu, chizungu chakenso chija chovuta olo kwa munthu woti anakhoza MSCE bwinobwino.

Kwathu kuno tinakula tikumva kuti mlandu suola. Pabwalo la a mfumu zimenezo nzoona, malire a munda mukhoza kukangana lero, nkhani nkugona zaka 20, mdzukulu nkudzaitukula ndipo a nyakwawa amakhala pansi nkuimva. Ndiye anthu amapita ku khothi ndi maganizo omwewo, amati bola ndinakasuma, bola fayilo inatsegulidwa, tsiku lina adzandiitana basi. Ayi abale. Kuyambira mu 2017 High Court ili ndi malamulo ake atsopano oyendetsera milandu yotereyi, dzina lake Courts (High Court) (Civil Procedure) Rules. Kale tinkagwiritsa ntchito chibuku chija cha ku England maloya amachitcha White Book, cha 1999, chomwe ngakhale eni ake ku England anali atachisiya kale ife tikadali nacho. Mmalamulo akale aja mlandu unkayenda pa liwiro la maloya, akafuna kuthamanga unkathamanga, akafuna kugona unkagona. Mmalamulo atsopanowa chiwongolero anachipereka kwa jaji. Jaji ndi amene amanena kuti chakuti chichitike pofika tsiku lakuti, ndipo mu Order 12 muli ndime yonena poyera kuti pakadutsa miyezi 12 popanda china chilichonse chochitika pa mlandu, khothi litha kuufufuta osakudziwitsani nkomwe. Mwamva, osakudziwitsani. Komanso yemwe mwamusumirayo ali ndi ufulu wopita kwa jaji nkukanena kuti bwana, awa anangondisumira koma sakuyendetsa mlandu wawo, utayeni.

Misampha yake ilipo ingapo panjira. Mapepala a mbali zonse akalowa, milandu yambiri imayamba yapita kokambirana kaye pamaso pa jaji ngati mkhalapakati, kuona ngati mungagwirizane osafika pozenga, zimenezi zili mu Order 13. Wodandaula akapanda kubwera tsiku limenelo popanda chifukwa chomveka jaji atha kutaya mlandu pompo, akajomba woyankha mlandu ndiye kuti mayankho ake ndi omwe amafufutidwa. Zokambirana zikakanika kumabwera kukumana kwina komwe jaji amagawa madeti, kuti umboni wolemba wa mboni zanu ulowe pofika tsiku lakuti, mfundo za malamulo pofika tsiku lakuti, mtolo wa mapepala onse a mlandu pofika tsiku lakuti. Ndiye pali lamulo lina loopsa kwambiri, maloya amati unless order, pomwe jaji watopa nanu ndipo akuti ngati simuchita chakuti pofika Lachisanu, mlandu watha wokha, sipafunikanso kukumana. Lachisanu likangodutsa basi kwatha, olo pepala lanulo mulibweretse Lolemba mmawa khothi lisanatsegule.

Tsono ndisanadandaule ndiyambe ndawayamikira majaji, chifukwa pa mfundo yeniyeniyo akulondola ndipo amene ananyamulapo mafayilo ngati ine sangatsutse. Ine ndinaonapo mafayilo oti pepala lomaliza linalowa mwana ali kumsana, mwanayo mpaka kuyamba sekondale fayilo ili pomwepo yachita fumbi. Ndipo tisamaiwale kuti mbali inayo kulinso munthu. Kusumiridwa nkowawa, umagona ukuganiza, sungagulitse malo ako, banki ikakufunsa ngati uli ndi mlandu ku khothi uyenera kuvomera, mboni zako zikukalamba, zina kumwalira, zina zapita ku Joni, malisiti akufufutika. Ndiye pali khalidwe lija tonse tikulidziwa la kuno kwathu lothamangira kukatenga chiletso. Munthu akangopeza injakishoni yoti mnzake asamange pa puloti, kapena uyu asavekedwe ufumu, kapena banki isagulitse nyumba, basi wapeza chomwe amafuna, mlandu weniweniwo alibe nawonso ntchito, amangoukhalira. Mnzakeyo njerwa zikusungunuka ndi mvula, mudzi uli wopanda mfumu zaka ndi zaka. Anthu oterewa jaji akawatayira mlandu ine ndimaomba mmanja, ndipo awalipiritsenso ndalama zonse zomwe mnzawo waononga. Lamulo la khothi si pempho. Pamenepo palibe mkangano.

Vuto langa ndi loti chikwapu chimenechi nthawi zambiri chikugwera munthu yemwe sanalakwe, yemwe sanamvepo nkomwe kuti jaji analamula chinachake.

Taganizani mmene zimakhalira. Munthu akakhala ndi loya, chilichonse chochokera ku khothi chimapita ku ofesi ya loyayo. Deti ya mkhalapakati imapita kwa loya. Lamulo loti umboni ulowe limapita kwa loya. Pempho la mbali inayo loti mlandu utayidwe limaperekedwa kwa loya. Chigamulo chotaya mlandu, kwa loya yemweyo. Mwini mlandu ali ku Thekerani kapena ku Nthalire sakudziwa kanthu, iye akungodziwa kuti nkhani ili mmanja mwa a loya. Loyayo ngati ali wakhama zonse zili bwino, ndipo akhama alipo ambiri, ndisawaipitse onse. Koma ngati ali ndi mafayilo ochuluka kuposa mphamvu zake, kapena wasamuka ofesi, kapena chaka chimenecho sanakonzenso laisensi yake, kapena mnyamata yemwe amagwira fayiloyo anasiya ntchito osasiya malongosoledwe, ndiye kuti mlandu ukufa mwini wake akuphika nsima kunyumba.

Mayi wina wa kutchalitchi kwathu, wogulitsa nthochi, anagundidwa ndi galimoto mwendo mpaka anamuika chitsulo. Loya sanachite kumufuna yekha, anabwera ndi adobadoba aja amazungulira mzipatala kufunafuna anthu angozi, anamusainitsa mapepala ali pabedi. Mlandu unalowadi ku khothi, zimenezo zinachitika. Kenako mayi uja akapita ku ofesi kuja yankho linali limodzimodzi, jaji sanapereke deti mayi, fayilo ili kwa jaji, mubwerenso mwezi wamawa. Iye nkumakwera minibasi ndi ndodo yake kubwerera, thiransipoti yochita kukongola. Nditamva ndinauza mwana wake kuti apite yekha ku kaundula wa khothi ndi nambala ya mlandu akafunse. Anabwerako ndi pepala limodzi. Mlandu unatayidwa kalekale chifukwa mbali ya wodandaula sinabwere kwa mkhalapakati ndipo panalibe yemwe anapita kukapempha kuti ubwezeretsedwe, chikhalirecho mpata wopempha umakhalapo ukachita changu. Ndinawawerengera, ndinamasulira, ndinabwerezanso, mayi aja anangoti chabwino bambo ndamva, nanga deti yake apereka liti? Sanamvetse kuti kulibenso deti.

Ena anena kuti akangosumanso kachiwiri. Apa mpamene pali dzenje lina lomwe anthu salidziwa. Tili ndi lamulo lotchedwa Limitation Act lomwe limaika malire a nthawi yokasuma. Nkhani za ngongole ndi mapangano ndi zaka 6, zofuna kulanditsa malo ndi zaka 12, koma zovulala mthupi chifukwa cha kusasamala kwa wina ndi zaka 3 zokha. Mlandu woyamba ukatayidwa nkufuna kuyambanso watsopano, zakazo amawerenga kuchokera nthawi ya ngozi ija, osati kuchokera tsiku lomwe jaji wataya mlandu. Nde taonani, mlandu wakhala ku khothi zaka zingapo, watayidwa, mwini wake wadziwa mochedwa, zaka 3 zinatha kalekale. Chitseko chatsekeka. A inshulansi omwe amayenera kulipira akusekerera, sanafunikenso kutsutsa kuti dalaivala wawo sanalakwe, apambana osaponya chibakera nchimodzi chomwe. Pepala la dokotala lilipo, lipoti la apolisi lilipo, chitsulo chili mmwendo, koma palibe jaji yemwe adzamve nkhaniyo.

Mkangano umenewu si wa kuno kokha ndipo si wa lero. Ku America kuli mlandu wotchuka wa Link ndi kampani ya sitima ya Wabash Railroad womwe mpaka pano amauphunzitsa. Bambo Link galimoto yawo inaombana ndi sitima ya pamtunda, anasuma mu 1954. Mlandu unakhala ukukokeka mpaka unasanduka wakale kuposa yonse pa mndandanda wa khothi limenelo ku Hammond, m'chigawo cha Indiana. Mu Okutobala 1960 jaji anaitana maloya kuti akumane 1 koloko masana kukonzekera kuzenga. Mmawa wa tsikulo loya wa a Link anaimba foni ali ku Indianapolis, mtunda wa makilomita oposa 250, kuuza sekilitale wa jaji kuti watanganidwa ndi mapepala a khothi lina, sakwanitsa kufika, koma mawa lake kapena mkuja apezeka. Jaji anadikira maola awiri, kenako anautaya mlandu. Nkhani inakafika ku Supreme Court ya dzikolo ndipo mu 1962 majaji ambiri anagwirizana ndi kutayako. Jaji Harlan polemba chigamulo anati munthuyu loya anasankha yekha mwakufuna kwake, ndiye sangathawe zotsatira za zochita za nthumwi yake, ndipo ngati loya walakwitsa, njira ndi yomusumira loyayo. Koma Jaji Black anakana kwamtuwagalu, iye anaona kuti nkulakwa kulanga munthu wovulala chifukwa cha machimo a loya wake, munthu woti sanauzidwe nkomwe kuti mlandu wake uli pangozi.

Maganizo a Harlan aja ndi omwe amamveka mmakhothi ambiri, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake, pakuti mukangolola kuti aliyense azinena kuti si ine ndi loya wanga ndiye kuti palibe deti yomwe idzalemekezedwe. Koma tiyeni tiwaike pa nthaka ya kuno. Anasankha yekha loya, eti? Mayi wa nthochi uja anasankha chiyani ali pabedi la chipatala? Akudziwa kusiyanitsa loya wakhama ndi waulesi pamene onse avala suti yakuda? Ndiye akuti kamusumire loyayo. Ndi ndalama ziti, ndipo kudzera mwa ndani? Uyenera kupeza loya wina woti avomere kusumira mnzake yemwe anaphunzira naye limodzi ku Zomba, amakumana naye mmakhonde a khothi tsiku ndi tsiku, dziko lake laling'ono lino maloya onse amadziwana. Sindikuti sizingatheke, koma amene akuganiza kuti mayi wa kumudzi angadutse njira imeneyo sanayendepo ndi ndodo kuchokera pa siteji kukafika ku Chichiri. Malamulo aakulu a dziko lino mu gawo 41 amati munthu aliyense ali ndi ufulu wofika ku khothi kuti nkhani yake ithetsedwe komanso kupeza thandizo lenileni. Kwa mayi uja ufulu umenewo unathera mu dayale ya munthu wina.

Chomwe chimandisangalatsa nchoti ku America komweko ena anadzaona kuti Black anali ndi mfundo. Khothi la apilo lomwe limakhala ku Philadelphia, pa mlandu wa Dunbar mu 1987, linalamula kuti mmakhothi a m'dera lake, pakakhala pempho lotaya mlandu chifukwa cha kulephera kwa loya, kalaliki wa khothi azitumiza kalata kwa mwini mlandu mwachindunji, osadzera kwa loya, kuti adziwe zomwe zikuchitika ndi tsiku lomwe nkhaniyo imvedwe. Basi. Sanachotse mphamvu ya jaji yotaya mlandu, anangoti mwini wake adziwe kaye. Iwo anachita zimenezo ndi positi ofesi, mu 1987. Ife lero pafupifupi khomo lililonse pali foni, olo kaja ka mabatani, ngati palibe ndiye kuti ili kwa neba kapena kwa a mfumu. Ndalama ikalowa pa Mpamba kapena Airtel Money meseji imafika nthawi yomweyo mpaka kumudzi kwenikweni. Chingavute nchiyani kuti pa chisamani chilichonse cholowa ku High Court pazikhala nambala ya foni ya mwini mlandu ndi ya m'bale wake mmodzi, ndipo jaji asanataye mlandu pazipita meseji ya Chichewa kapena Chitumbuka kapena Chiyao yoti mlandu wanu nambala yakuti utayidwa pa deti yakuti chifukwa mbali yanu sinachite zomwe khothi linalamula, bwerani kapena funsani loya wanu? Ndikukuuzani a Mkonzi, tsiku lomwelo mwini mlandu adzakhala ali pakhomo pa loya 7 koloko mmawa ndipo pepala lomwe linakanika miyezi isanu lidzalembedwa tsiku limodzi. Akapanda kubwera atauzidwa, ndiye utayeni ndi mtima woyera, walephera yekha.

Mwina wina ku Judiciary, nthambi yoyendetsa makhothi, anena kuti ndalama palibe. Meseji imodzi ndi ndalama zingati poyerekeza ndi nthawi yomwe jaji amaononga kumva mapempho obwezeretsa milandu, ndi ma apilo otsatira? Olo mutati wodandaula aziwonjezera kangachepe pa ndalama yolembetsera mlandu kuti ikhale ya mameseji, palibe angakane.

Chinanso, chilango chizitsata wolakwa. Kutaya mlandu si chida chokhacho chomwe jaji ali nacho. Ku England kuli zomwe amati wasted costs, pomwe loya yemwe waonongetsa nthawi ndi ndalama chifukwa cha kusasamala amalamulidwa kulipira kuchokera mthumba mwake, osati mwa kasitomala. Kunonso ndimafuna nditamawerenga kawirikawiri mu nyuzi kuti jaji wauza loya kuti ndalama za lero ulipira ndiwe, ndipo usakamulipiritse mayiyu. Ndipo mlandu ukatayidwa chifukwa loya sanabwere, chigamulocho chizipita chokha ku Malawi Law Society, jaji azitumiza yekha, osadikira kuti mayi wosadziwa kulemba akalembe kalata ya dandaulo mchizungu. Loya amene dzina lake lafika kumeneko katatu kanayi pa nkhani yomweyomweyo afunsidwe kuti vuto nchiyani. Maloya akhama sangaope zimenezi, iwonso zimawanyansa chifukwa mbiri imaipira onse.

A ku England omwewo anayesapo nkhanza zenizeni nkuona kuti zapyola. Mu 2013 phungu wina wa nyumba ya malamulo, Andrew Mitchell, anasumira nyuzipepala ya The Sun pa nkhani yoipitsa mbiri. Maloya ake anachedwa ndi masiku 6 kupereka pepala la bajeti ya ndalama zomwe mlandu udye, bajeti yoposa mapaundi 500,000. Khothi linati chifukwa chochedwa, olo adzapambane sadzabwezeredwa ndalama za maloya, koma zolembetsera ku khothi zokha, ndipo khothi la apilo linavomereza. Zitatero maloya dziko lonse anayamba kusakana tizolakwa ting'onoting'ono, aliyense kufuna kugwetsa mnzake pa deti mmalo molimbana pa nkhani yeniyeni. Chaka chotsatira, 2014, pa mlandu wa Denton, khothi la apilo lomwelo linachita kubweza chiwongolero, linati jaji aziyamba waona ngati kulakwako kuli kwakukulu, kenako chifukwa chake, kenako zonse zozungulira nkhaniyo. Ngati eni malamulo omwe tinatengerako anafika poona kuti kukhwimitsa kopanda kuyeza kumabala mavuto ena, ife tisachite manyazi kuunikanso zathu.

Ndiye pali ichi chomwe ndikachinena ena akwiya koma nchoona. Khothi likamalanga anthu chifukwa chochedwa, nalonso lizidziyang'ana. Ndani sadziwa za zigamulo zomwe anthu amadikira zaka mlandu utazengedwa kale? Ndani sanamvepo kuti fayilo yasowa, kenako nkudzapezeka? Mu 2012 ogwira ntchito mmakhothi ananyanyala kuyambira Januwale mpaka Malichi, zitseko zotseka, zinachitikanso kumapeto kwa 2014 kulowa mu 2015, sindikuti analibe zifukwa, koma palibe wodandaula yemwe anapepesedwa. Munthu wamba akachedwa mlandu wake umafa, jaji akachedwa timauzidwa kuti tidekhe ntchito yachuluka. Chabwino yachulukadi, majaji ndi ochepa, ndikuvomera. Komatu nthawi zina kusayenda kwa fayilo kumakhala koti loya analemba kalata yopempha deti ndipo sanayankhidwe, ndiye musanawerenge miyezi 12 ija muziyamba mwaona kuti mpira unali mbali iti. Za maofesi a boma omwe khothi limawalamula kulipira munthu nkumangokhala zaka osalipira, imeneyo ndi kalata ina, ndidzalemba tsiku lina mukandilola.

Pakadali pano malamulo ali mmene alilimu, ndiye kwa anzanga omwe muli ndi milandu ku khothi, musagone. Mlandu ndi wanu, si wa loya. Chinthu choyamba funsani nambala ya mlandu, ija imalembedwa pamwamba pa chisamani ndi chaka chake, ilembeni mu kope kapena kuseri kwa chiphaso cha kuchipatala, ndipo dziwani kuti uli ku khothi liti, Blantyre, Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, komanso uli mmanja mwa jaji uti. Loya yemwe akukana kukupatsani nambala ya mlandu wanu womwe, pamenepo dziwani kuti pali china chake. Ndi nambala imeneyo inuyo kapena mwana wanu mukhoza kupita ku kaundula wa khothi nkufunsa mwaulemu kuti chomaliza kuchitika pa fayiloyi nchiyani ndipo chinachitika liti. Mukamva kuti papita miyezi isanu ndi umodzi kuli zii, yambani kuvuta. Akakuuzani kuti jaji sanapereke deti, pemphani kuona kalata yomwe analemba yopempha detiyo, yokhala ndi chidindo cha khothi. Tsiku la mkhalapakati muzipitako nokha, musamangoti apita a loya. Mukasintha nambala ya foni kapena kusamuka kauzeni loya wanu, chifukwa kunena zoona nthawi zina olakwa ndi ife eni milandu, loya akufuna musaine umboni wanu inu mwapita ku Tete kukachita geni osatsanzika, foni yosapezeka, ndiye iye atani? Ndipo ndalama iliyonse yomwe mwapereka tengani lisiti.

Mukamva kuti mlandu watayidwa musataye nthawi nkulira kapena kudikira kuti mukolole kaye. Pempho lobwezeretsa mlandu limamveka bwino likafika msanga ndipo muli ndi chifukwa chogwirika, mukachedwa jaji adzafunsa kuti munali kuti nthawi yonseyi. Muli ndi ufulu wosintha loya. Ngati mulibe ndalama pitani ku Legal Aid Bureau mukafotokoze, ndipo dandaulo lokhudza khalidwe la loya limapita ku Malawi Law Society. Mayi wa nthochi uja ndi komwe tinamulozera, akuyesa, koma nthawi yomwe inatayika ija ndi yambiri.

Ndipo kwa inu omwe mukuyendetsa mlandu nokha opanda loya, pepala lililonse lochokera ku khothi lomwe lili ndi deti musaliike pansi pa matiresi kudikira mwana wa ku koleji abwere pa holide. Pezani wokuwerengerani tsiku lomwelo. Ngati mukuona kuti simukwanitsa zomwe jaji walamula pa nthawi yake, pitani mukapemphe nthawi yowonjezera deti isanakwane, majaji ambiri amamva munthu wobwera nthawi ikadalipo kusiyana ndi wobwera ndi nkhani zambirimbiri deti itadutsa. Mwadwala, tengani pepala la kuchipatala. Kwagwa maliro, tumizani uthenga tsiku lomwelo lisanafike, osati sabata yotsatira.

Pomaliza a Mkonzi ndikupempheni ntchito imodzi. Tumizani mtolankhani wanu kwa Rejisitala wa High Court akafunse kuti chiyambire malamulo a 2017 ndi milandu ingati yomwe yatayidwa chifukwa chosatsata malamulo a jaji kapena kusayendetsedwa, mwa imeneyo ingati inali ya anthu ovulala pangozi, ndipo ingati inabwezeretsedwa. Akafunsenso ku ofesi ya Jaji Wamkulu ngati pali chomwe chikuletsa kuti eni milandu azilandira meseji mlandu wawo usanatayidwe, ndi ku Malawi Law Society kuti pa madandaulo omwe amalandira ndi angati okhudza milandu yofa chifukwa loya sanapite ku khothi. Mayankho ake mudzatilembere mu Chichewa, patsamba loyamba, osati pakona pafupi ndi zamasewera.

Ndine wowerenga wanu,
Kalaliki wopuma, Chilomoni, Blantyre